Magalasi a VR ndi thanzi la m'maganizo la okalamba: Mafunso ndi mayankho

M'nyumba zosamalira okalamba ku America, ku Britain, ku Australia ndi mayiko ena olemera, si zachilendonso kupeza agogo a zaka 85 atakhala pampando, kumaso atavala chipangizo chophimba maso onse awiri chotchedwa magalasi a VR (virtual reality), mutu ukutembenuka uku ndi uku, iwo akusekerera zinthu zimene ena onse m'chipindamo sakuziona. Anzathu amene akugwira ntchito yosamalira okalamba kunjako akuzipeza kale zipangizozi kuntchito, ndipo ena amene makolo awo akukalamba amafuna kudziwa ngati n'zothandizadi kapena ndi malonda chabe. Nawa mafunso amene amabwera kawirikawiri.

Kodi VR n'chiyani, nanga ikusiyana pati ndi kuonera kanema pa TV?

Mukamaonera TV n'kuyang'ana kumbali, mumaona khoma la nyumba yanu. Mukavala magalasi a VR, chithunzi chimakuzungulirani. Mukakweza maso mumaona thambo, mukawerama mumaona mchenga, mukacheuka mumaona mitengo ili kumbuyo kwanu. Mkati mwa chipangizocho muli sikirini, magalasi awiri, limodzi la diso lililonse, ndi tizipangizo tozindikira kumene mutu walowera. Mutu ukangosuntha, chithunzi nacho chimasuntha pomwepo, ndipo thupi limavomereza kuti lafikadi pamalopo, ngakhale mwiniwake akudziwa bwinobwino kuti akadali pampando.

Zoonera zake zili mitundu iwiri. Pali makanema a malo enieni, ojambulidwa ndi kamera yoona mbali zonse nthawi imodzi, otchedwa makanema a 360. Palinso malo opangidwa pakompyuta, momwe munthu amatha kugwira zinthu, kujambula kapena kusewera. Okalamba ambiri amayambira pa makanema a malo enieni, chifukwa sipafunika kuphunzira kudina mabatani. Kwina magalasiwo sawagwiritsa n'komwe: amaonetsa kanema pamakoma onse a chipinda, anthu n'kulowamo angapo.

Luso limeneli si ladzulo. Ivan Sutherland anapanga chipangizo chotere mu 1968, ndipo chinkachita kulendewera kudenga. Chinasintha zinthu ndi kutsika kwa mtengo, makamaka kampani ya Facebook itagula Oculus, kampani yopanga magalasi a VR, mu 2014 pa madola 2 biliyoni. Magalasi ambiri a masiku ano safunanso kulumikizidwa ku kompyuta. Amayendera batire.

Bwanji okalamba? Si za achinyamata izi?

Anapangira achinyamata okonda magemu, n'zoona. Koma taganizani zimene ukalamba umachita. Mawondo akayamba kukana, munthu amasiya kupita kumsika, kenako kutchalitchi kapena kumzikiti, mapeto ake ngakhale kwa mnansi. Anzake a msinkhu wake amatha mmodzimmodzi. Mwamuna kapena mkazi wake akatsogola, ana ali kutali ndi ntchito, chimatsala ndi chipinda, khonde ndi windo. Chakudya akudya, mankhwala akumwa pa nthawi yake, koma lero silisiyana ndi dzulo, ndipo alibe chatsopano choti afotokozere munthu.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 100 aliwonse a zaka 60 kupita m'tsogolo, pafupifupi 14 ali ndi vuto la m'maganizo, makamaka nkhawa ndi matenda ovutika maganizo. Limatinso pafupifupi wokalamba mmodzi mwa anayi aliwonse ndi wosungulumwa kapena wotalikirana ndi anthu, ndipo pofika 2030 munthu mmodzi mwa 6 aliwonse padziko adzakhala atakwanitsa zaka 60. Boma la Britain linafika posankha nduna yoona za kusungulumwa mu 2018, ndipo Japan anachitanso chimodzimodzi mu 2021. Mliri wa Covid-19 utatseka zipata za nyumba za okalamba mu 2020, achibale n'kumangolankhula ndi makolo awo pawindo kapena pafoni, vutoli linaonekera poyera.

Ndiye makampani ena anaona kuti munthu amene sangathenso kuyenda, malo angathe kumutsatira pomwe wakhala. Awiri odziwika kwambiri ku America ndi Rendever ya ku Boston ndi Mynd Immersive ya ku Texas, ndipo onsewa anayamba mu 2016.

Zimachitika bwanji kwenikweni agogo akamavala magalasiwa?

Wosamalira wodziwa ntchito sathamangira kuwaveka. Amayamba wawakhazika pampando wolimba wokhala ndi mogwira manja, kapena ngati ali pa njinga ya olumala amamanga mabuleki. Amawapatsa chipangizocho m'manja kuti achigwire, achitembenuze, amve kulemera kwake. Amawafunsa kumene akufuna kupita: kunyanja, kunkhalango, kumzinda kumene anakulira? Akatero amangochigundika kumaso osamanga lamba, kuti agogo adziwe kuti akafuna angathe kuchichotsa okha. Lamba amamanga pambuyo, iwo atavomera.

Zimene agogo akuona zimaonekanso pa tabuleti kapena foni imene wosamalirayo wagwira, choncho onse awiri ali pa ulendo umodzi. Mphindi yoyamba nthawi zambiri imakhala ya zii. Kenako dzanja limatuluka kufuna kugwira nsomba imene ikudutsa pafupi ndi mphuno. Ena amakweza mapazi funde likamabwera, poopa kunyowetsa masilipasi. Apa m'pamene wosamalira amafunsa modekha kuti, "Mukuona chiyani kumanjako?" kapena "Munafikako malo ngati amenewa?"

Ulendo woyamba usapitirire mphindi zisanu kapena khumi. Pochotsa magalasi, agogo asaimirire msanga. Akhale kaye mpaka maso azolowerenso chipinda. Ndipo wosamalira asanyamuke nthawi yomweyo kuthamangira kwa wotsatira. Akhale pomwepo, tiyi abwere, amve zimene ulendowo wadzutsa.

Pali umboni woti zimathandiza?

Ulipo, koma tiuyeze bwino. Ofufuza a ku yunivesite ya Stanford, mogwirizana ndi kampani ya Mynd, anayesa VR pa okalamba 245 a zaka zapakati pa 65 ndi 103 m'nyumba zosamalira okalamba ku America. Aliyense ankasankha kanema wa mphindi zochepa: kudumpha mundege ndi parachuti, kusewera ndi tiana ta agalu, kuona mzinda wa Paris. Pafupifupi 80 mwa 100 aliwonse ananena kuti mtima unapepuka atavula magalasi, ndipo pafupifupi 60 mwa 100 anati kusungulumwa kunachepa. Osamalira ambiri ananena kuti kukambirana za zimene agogo anaona kunalimbitsa ubale wawo. Amene maso ndi makutu awo anali atafooka sanasangalale nazo kwambiri ngati anzawo.

Ku Britain, ofufuza a ku yunivesite ya Kent anafalitsa mu 2019 zimene anapeza pa odwala 8 a dementia, matenda a muubongo oiwalitsa zinthu, a zaka zapakati pa 41 ndi 88. Ankawapatsa malo asanu oti asankhepo: tchalitchi chachikulu, nkhalango, gombe la mchenga, gombe la miyala, ndi madambo a kumidzi. Odwalawo anakumbukira zinthu zakale zimene osamalira anali asanazimvepo. Mmodzi ataona mlatho anayamba kufotokoza za ulendo wina wa tchuthi umene anayenda kalekale.

Zotsatira zimenezi n'zolimbikitsa, koma anthu 8 ndi ochepa, ndipo mayankho a anthu 245 aja anali a mmene akumvera atangovula magalasi, osati patapita miyezi. Kafukufuku wambiri pa nkhaniyi ndi wotere: anthu ochepa, nthawi yaifupi, ndipo nthawi zina kampani yogulitsa chipangizo ili momwemo. Umboni wa VR ndi wolimba kwambiri pa mavuto ena. Mu 1995 Barbara Rothbaum wa ku yunivesite ya Emory anasonyeza kuti imathandiza anthu oopa malo okwera, ndipo mu 2021 bungwe la FDA loona za mankhwala ku America linavomereza pulogalamu ya VR ya masabata 8 yothandiza odwala msana wosatherapo. Pa kusungulumwa kwa okalamba, chimene tinganene mosakayika n'chakuti ambiri amasangalala, amatakasuka, ndipo amayamba kulankhula.

Ndiye chimathandizacho n'chiyani, chipangizo kapena china?

Funso lalikulu ndi limeneli, ndipo yankho langa ndi lakuti chipangizo chimangoyambitsa nkhani. Chothandiza ndi munthu amene wakhala pambali kumvetsera.

Kukumbutsa okalamba zakale monga njira yowathandiza kunalipo VR isanafike m'nyumba zimenezi. Mu 1963 dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, Robert Butler, analemba kuti wokalamba akamabwerezabwereza nkhani za moyo wake sikuti mutu wasokonekera, monga ankaganizira madokotala ambiri nthawi imeneyo. Akuika moyo wake m'malo, kuona zimene anakwanitsa ndi zimene zinamupweteka. Kuchokera apo osamalira anayamba kugwiritsa ntchito zithunzi, nyimbo ndi ziwiya zakale poyambitsa macheza. VR yalowa mumzere womwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti chithunzi cha msewu umene munakulira mumachigwira m'manja, pomwe ndi magalasi mumaima pamsewupo n'kucheuka kuona ngati sitolo ija ikadalipo.

N'chifukwa chake Rendever inakonza zoti anthu angapo avale magalasi nthawi imodzi n'kuona chinthu chimodzi, wosamalira akuwatsogolera pa tabuleti. Anthu amene akhala akudyera tebulo limodzi kwa miyezi osadziwana amazindikira kuti onse anakhalapo mumzinda umodzi, kapena kuti winayo anali woyendetsa sitima. Madzulo nkhani ikadalipo. Mwana akaimba foni, agogo ali ndi choti amuuze kupatula za mwendo ndi mankhwala.

Mukawaveka magalasi agogo n'kutuluka kukachita zina, mwawasiya okha kawiri: m'chipinda ali okha, kunyanjako alinso okha.

Mayi anga ali ndi dementia. Angavale?

Ambiri amene matendawa sanafike patali amavala ndipo amasangalala, koma pamafunika kusamala kwambiri. Matendawa amayamba kufafaniza zaposachedwa, zakale n'kutsala nthawi yaitali. Mayi amene sakukumbukira kuti adya chiyani m'mawa angathe kukuuzani mayina a anzawo a kusukulu. Ku Britain gulu lina lotchedwa The Wayback linajambula kanema wa VR wosonyeza phwando la mumsewu la tsiku lolonga ufumu Mfumukazi Elizabeth mu 1953, zovala, mbale ndi zokongoletsa zonse za nthawiyo, pofuna kufika kumene chikumbumtima cha zakale chikadali cholimba.

Musayembekezere kuti matenda abwerera m'mbuyo. VR sichiza dementia ndipo siimitsa. Mawa mayi angathe kuiwala kuti anavala magalasi. Koma mtima wabwino umatha kutsala ngakhale chimene chinaubweretsa chaiwalika, ndipo masana amodzi a mtendere kwa munthu amene amakhala wosakhazikika si chinthu chochepa, kwa iye ndi kwa womusamalira yemwe.

Chovuta ndi chilolezo. Munthu wosatha kufotokoza bwino amakana ndi thupi: amakankha chipangizo, amauma mapewa, amapuma mofulumira, amagwira mpando mwamphamvu. Mukaona zimenezi chotsani pomwepo, musati "tingomaliza". Pewani madzulo, chifukwa odwala ambiri amabalalika kwambiri dzuwa likamalowa. Ngati mayi amaona kale zinthu zomwe palibe, kapena amakhulupirira kuti ena akufuna kuwachita chipongwe, funsani kaye adokotala awo. Kwa amene matenda afika patali, kanema wa pa tabuleti kapena wa pakhoma ndi wabwino kuposa kuwaphimba maso.

Apa ndinenepo za kwathu. WHO imati anthu oposa 55 miliyoni padziko ali ndi dementia, ndipo oposa 60 mwa 100 aliwonse ali m'mayiko osalemera. Agogo amene asochera usiku n'kupezeka pakhomo pa eni ake, akulankhula zosamveka, nthawi zambiri ndi odwala matenda amenewa. Ku Malawi ena amenyedwa, ena aphedwa, powanena kuti ndi mfiti, ngakhale lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu ufiti. Agogo oterewa chimene akusowa choyamba si magalasi. Akusowa anthu odziwa kuti awa ndi matenda.

Kodi VR ingachize matenda ovutika maganizo?

Ayi, isalowe m'malo mwa chipatala. Wokalamba akakhala masabata awiri kapena kuposa wosasangalala ndi chilichonse, wosafuna kudya, tulo tosabwera kapena tochuluka, akumanena kuti wangosanduka mtolo kapena kuti bola kufa, amenewo ndi matenda, si ukalamba chabe. Amathandizika ndi uphungu, mankhwala, kapena zonse ziwiri. Okalamba ambiri sanena kuti "ndakhumudwa". Amadandaula mutu, chifuwa, kufooka, mtima kuthamanga. Mawu ofuna kufa musawatenge ngati nkhambakamwa. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Ku Malawi mungayambire pa chipatala cha boma chapafupi, ndipo palinso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

VR ingathandizire pambali, makamaka pobwezeretsa chidwi cha munthu amene anasiya kufuna chilichonse.

Zoopsa zake ndi ziti?

Chofala kwambiri ndi chizungulire ndi nseru. Maso amauza ubongo kuti thupi likuyenda, pomwe mkati mwa khutu, mmene muli kachiwalo kothandiza munthu kuima bwino, mukunena kuti lili phee. N'zofanana ndi zimene zimachitika mukamawerenga mauthenga pafoni muli m'minibasi yotsika Khwekhwelere. Makanema amene kamera yake yaima pamalo amodzi savuta kwenikweni. Ovuta ndi amene kamera ikuthamanga, kugwedezeka kapena kuzungulira. Agogo akayamba kumeza malovu pafupipafupi, kutuluka thukuta kapena kuyasamula, imani.

Chachiwiri ndi kugwa. Munthu wovala magalasi saona pansi, ndipo wokalamba akathyoka fupa la m'chiuno moyo wake umasinthiratu. Azikhala pansi nthawi zonse, wina ali pafupi.

Kulemera nako. Magalasi a Meta Quest 2 ndi Quest 3 amalemera pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo kulemerako kuli kutsogolo, kukoka khosi. Alipo opepuka, monga HTC Vive Flow wosafika magalamu 200. Khungu la okalamba silichedwa kusupuka, choncho lamba asathine. Ndipo chipangizo chimodzi chikamayenda pankhope za anthu ambiri chizipukutidwa bwino munthu aliyense akavula, kuopa kupatsirana matenda a maso ndi a pakhungu.

Ndani amene asavale asanafunse adokotala?

Odwala khunyu kapena amene anakomokapo ndi kuwala kophethira. Amene amamva chizungulire kawirikawiri, kapena amadwala mutu waching'alang'ala. Amene achitidwa opaleshoni ya maso posachedwa, monga yochotsa ng'ala. Odwala mtima, makamaka amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda, chifukwa opanga magalasi amachenjeza okha kuti muli maginito ndi mafunde a wailesi. Amene angodwala sitiroko. Wokalamba amene wabalalika mutu mwadzidzidzi chifukwa cha malungo, matenda a m'chikhodzodzo kapena mankhwala asavale n'komwe mpaka achire.

Nanga ovala magalasi a maso?

Ambiri amavala VR pamwamba pa magalasi awo, ndipo zipangizo zina zimabwera ndi kapulasitiki kowonjezera mpata. Agogo akati sakuona bwino, sunthani chipangizocho pang'ono m'mwamba kapena m'munsi musanaganize kuti vuto ndi maso awo.

Kodi makanemawa sangadzutse zowawa zakale?

Angadzutse. Nyanja imene inu mukuti ndi yokongola mwina ndi imene inameza m'bale wawo. Nyumba imene anakulira mwina inagwetsedwa, pali malo oimikapo magalimoto, ndipo adziwira pomwepo m'magalasi. Phokoso la ndege limakumbutsa ena nkhondo. Madala athu amene anapita ku Joni pa Wenela kapena pa Theba ali ndi nkhani zokoma za kumeneko, koma alinso ndi za anzawo amene anatsala pansi pa mgodi, ndi za ndege ija inagwa ku Francistown ku Botswana mu 1974 n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo.

Choncho funsani achibale mbiri ya munthuyo musanasankhe kanema, ndipo inu muyambe mwauonera nokha mpaka kumapeto. Komabe misozi yonse si yoipa. Agogo akalira ataona tchalitchi chimene anakwatiramo, n'kumafuna kufotokoza za malemu amuna awo, musawadule ndi kanema wina woseketsa. Chotsani magalasi, agwireni dzanja, alankhule. Kulira kwa mantha, kofuna kuthawa, n'kumene kukutanthauza kuti mwalakwitsa malo.

Ena amati uku n'kutayira makolo athu ku makina. Akunama?

Nkhawa yawo ndi yomveka, ndipo ine ndili nayonso. M'nyumba imene antchito ndi ochepa, okalamba ali ambiri, chiyeso chimakhalapo choti magalasi asanduke chotontholetsera: wavuta, mvekeni. Mwana amene sanabwere kudzaona bambo ake miyezi ingapo angadzitonthoze kuti anawagulira chipangizo chodula. Ndipo agogo amene angathe kutulutsidwa panja kukawothera dzuwa, kumva mphepo yeniyeni, sayenera kupatsidwa munda wa m'magalasi chifukwa choti kukankha njinga n'kotopetsa.

Muyeso wake ndi wosavuta. Chiyambireni kugwiritsa ntchito chipangizochi, kodi agogo akulankhula ndi anthu kwambiri kapena pang'ono? Ngati n'pang'ono, pali chimene chalakwika.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Magalasi ambiri ali ndi makamera oona chipinda, ndipo amafuna akaunti. Zithunzi za banja zikamaikidwa m'pulogalamu ya kampani, funsani kumene zikusungidwa. Kujambula agogo akulira kapena akukuwa ndi chimwemwe n'kuika pa Facebook kapena TikTok popanda chilolezo chawo n'kuwachotsera ulemu, ndipo kwa wantchito kungathe kuthetsa ntchito.

Kupatula kuona malo, amachitanso chiyani?

Amalimbitsa thupi. Kampani ya Motitech ya ku Norway imaika okalamba pa njinga zopalasa pamalo amodzi, kutsogolo kukuoneka kanema wa misewu imene amaidziwa, ndipo chaka chilichonse nyumba za okalamba za m'mayiko osiyanasiyana zimapikisana pa makilomita amene zapalasa. Munthu amene amakana mafizo amapalasa nthawi yaitali pofuna kufika pa ngodya imene panali nyumba yawo.

Osamalira nawonso amaphunzira nazo. Embodied Labs ya ku America ili ndi pulogalamu imene wovala amasanduka bambo wa zaka 74 wotchedwa Alfred, amene pakati pa maso ake pali chibanga chakuda ndipo makutu akumva movutikira. Wantchito amene wayesapo kudzaza fomu ya kuchipatala ali m'maso a Alfred sachedwa kusiya chizolowezi cholankhula ndi wokalamba atamufulatira.

Zimadula bwanji?

Meta Quest 2 inatuluka mu 2020 pa madola 299, Quest 3 mu 2023 pa madola 499, ndipo Apple Vision Pro mu 2024 pa madola 3,499. Yodulitsitsayo si yofunika pa ntchito imeneyi. Nyumba za okalamba zambiri zimalipira makampani pamwezi kapena pachaka kuti zilandire magalasi, makanema osankhidwa kale ndi maphunziro a antchito. Batire limatha pakapita maola awiri kapena atatu. Mtengo umene anthu amaiwala kuwerengera ndi nthawi ya wantchito wokhala pambali pa agogo.

Zingatheke kwathu kuno, kumene magetsi ndi intaneti n'zovuta?

Nyumba zambiri za kumudzi zilibe magetsi a ESCOM, bandulo ndi yodula, ndipo makanema a 360 amadya bandulo kwambiri. Komanso okalamba athu ambiri sakhala m'nyumba zosamalira okalamba. Ali pakhomo, ena akulera adzukulu amasiye, ndipo nkhawa zawo zazikulu ndi chakudya, mankhwala ndi chitetezo. Munthu amene ali ndi ndalama zochepa zothandizira agogo ake ayambire pamenepo.

Koma mfundo yake sifuna chipangizo cha madola 500. YouTube inayamba kuonetsa makanema a 360 mu 2015, ndipo pafoni wamba mungathe kuzungulitsa chithunzi ndi chala. Mungakopere kanema mukakhala pamalo a netiweki yabwino n'kukaonetsa kumudzi. Timabokosi ta makatoni tolowetsamo foni, timene Google inayambitsa mu 2014, n'totsika mtengo, ngakhale mafoni ena otchipa alibe kachipangizo kozindikira kutembenuka kwa mutu, ndipo chithunzi chake chimabweretsa chizungulire msanga.

Vuto lenileni ndi zoonera. Makanema ambiri ndi a Paris, Venice ndi Grand Canyon. Agogo amene anakulira m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, lero akukhala kwa mwana wawo ku Area 25 kapena ku Leeds, Paris sawauza kanthu. Chimene chingawagwire mtima ndi asodzi akukoka khoka m'mawa, usipa uli pathandala, kwaya ya kwawo ikuimba, mtengo wa mango umene anadzala okha. Zimenezi palibe kampani imene idzakujambulireni. Mdzukulu amene ali ndi foni akapita kumudzi aime pabwalo, azungulire pang'onopang'ono osagwedeza dzanja, ajambule njira ya kuchitsime, apemphe anzawo a agogo amene akadali moyo kuti apereke moni pa kamera. Kenako akhale pansi ndi agogowo aonere limodzi, awafunse kuti uyu ndani, apa panali chiyani.

Anzathu a ku Zimbabwe anasonyezanso mbali ina. Pa ntchito ya Friendship Bench, imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Harare, agogo aakazi ophunzitsidwa uphungu amakhala pa benchi pafupi ndi chipatala kumvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anapeza kuti odwala amathandizikadi. Kumeneko okalamba ndiwo akupereka thandizo. Wokalamba amene akudziwa kuti anthu akumufuna sasungulumwa mofanana ndi amene amangolandira.

Nanga agogo akakana kuvala?

Asiyeni. Ena safuna chinthu chowaphimba maso, ena amaopa kuoneka opusa pamaso pa adzukulu, ena sakufuna kusokoneza duku kapena tsitsi, ndipo zifukwa zonsezi n'zokwanira. Valani inuyo iwo akuona, muziwafotokozera zimene mukuona, kapena aonetseni kanema yemweyo pa tabuleti. Ambiri amapempha okha akaona mnzawo wa msinkhu wawo wavala n'kuvula ali bwinobwino. Mungadzafunsenso tsiku lina m'mawa, atadya, atapuma. Akakananso, tengani zithunzi zakale kapena muwaikire nyimbo za nthawi yawo, mufunse mafunso omwe aja mukanafunsa ali m'magalasi.